Kuchokera ku Ng'ombe Zadothi Kufika ku Roketi: Mbiri ya Luso la Masewera ku Mzimba

Kumaiko ena kuli anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu, amene Loweruka likakwana amakhala pansi kulumikiza timaroketi ta mapepala olimba ndi timatabwa topepuka, kenako n'kupita nato kubwalo kukatiulutsa. Palibe amawalipira, ndipo akafunsidwa amayankha kuti ntchitoyo imawapumitsa maganizo. Munthu wa ku Jenda kapena ku Embangweni atamva zimenezi angaziyese zochita za anthu okhuta, zosakhudzana ndi moyo wa kwathu. Komatu mbiri ya boma la Mzimba ikuonetsa kuti mwambo wopanga kanthu kakang'ono kofanana ndi chinthu chachikulu, popanda wokutuma kapena wokulipira, ndi wakale kuno kuposa sukulu ndi msewu. Mfundo yanga ndi yakuti mwambo umenewu ndiwo sukulu yoyamba ya luso m'boma lino, ndipo chimene chaulepheretsa kubala zipatso zochuluka n'chakuti timauletsa kukula. Mnyamata akangoyamba kumera ndevu timamuuza kuti asiye zachibwana, ndipo luso limene analisula kwa zaka zambiri limafera pomwepo.

Mwambowu tingautsate kuyambira kukhola. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana, ndipo mfumuyo itamwalira ku Ufipa, gulu la M'mbelwa linabwerera chakum'mwera n'kudzakhazikika pakati pa Atumbuka m'zaka za m'ma 1850. Moyo wa anthuwa unkazungulira ng'ombe: khola linkamangidwa pakati pa mudzi, lobola inkaperekedwa ndi ng'ombe, milandu inkathera pa ng'ombe. Margaret Read, amene anafufuza za kaleredwe ka ana a Chingoni m'zaka za m'ma 1930, anaonetsa kuti kubusa kunali sukulu ya anyamata. Kubusa komweko, ng'ombe zikagona kubzikula masana, abusa ankatapa dongo kudambo n'kuumba ng'ombe zawozawo. Ntchito imeneyi imaoneka yopepuka kwa amene sanaiganizirepo. Woumba ayenera kudziwa pamene linunda limakhala, mmene nyanga za nkhunzi zimasiyanirana ndi za thadzi, ndi kutalikirana kwa miyendo kuti chinthucho chiime chokha. Ayenera kudziwa dongo losang'aluka, ndiponso kuti kuumitsa padzuwa lamphamvu kumaswa zimene mthunzi ukanasunga. Akatha amakagundanitsa nkhunzi yake ndi ya mnzake, ndipo yothyoka nyanga imamuuza pamene analakwitsa. Kuyang'anitsitsa, kusankha chipangizo, kuyesa, kukonza: njira yonse ya mmisiri inali kale m'manja mwa mwana wosadziwa kulemba dzina lake.

Chuma chitasintha, zoseweretsa nazo zinasintha. A mishoni ya Livingstonia anafika kwa Angoni kudzera mwa William Koyi, amene anakhazikika ku Njuyu mu 1882. Mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa mu 1889, sukulu ya Overtoun ku Khondowe, kumene Robert Laws ankaphunzitsa ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito zina zamanja, inayamba mu 1894, ndipo Donald Fraser anakhazikitsa siteshoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902. Mu 1904 Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi, msonkho n'kutsatira posakhalitsa. Kuyambira pamenepo amuna a ku Mzimba anayamba kuthira ulendo wa ku migodi ndi minda ya ku Southern Rhodesia, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, mpaka ku Joni. Obwerako ankadza ndi njinga, makina osokera ndi galamafoni, ndipo chinthu champhamvu m'maso mwa mwana chinasiya kukhala nkhunzi yokha. Tsopano chinali chinthu choyenda pa matayala, chimene chinkatenga bambo n'kuwabweza patapita zaka. Ana anayamba kusenda mapesi a chimanga n'kupanga njinga ndi malole, ndipo waya atayamba kupezeka m'mipanda ndi m'mabokosi a katundu, galimoto ya waya inabadwa.

Galimoto ya waya njofunika kuiyang'ana mwaulemu, chifukwa ndi makina enieni. Mwana amawongola waya pamwala, amapinda chimango, amamanga mfundo ndi malegeni odulidwa ku chubu chakutha. Matayala amawadula ku patapata wakale kapena amagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo ndi zitini za polishi. Chovuta koposa ndi chiwongolero: waya wautali wofika m'chiuno, wolumikizidwa mwanzeru kuti dzanja likapotoza kumwamba matayala akutsogolo akhote pansi. Akatswiri amawonjezera masipuling'i kuti galimoto isadumphe pa miyala, ena amaika babu la tochi ndi batire kuti nyali ziyake madzulo. Luso limeneli linamveka mpaka kunja, moti mu 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa ku America buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna waya. Ndege nayo inalowa m'manja mwa ana kudzera pa khomo lomwelo la ulendo wa ku migodi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Wenela inkanyamula anthu ake pa ndege kudzera ku Francistown, ndipo pa 4 Epulo 1974 imodzi mwa ndegezo inagwa kumeneko n'kupha Amalawi oposa 70, zimene zinachititsa Dr Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Kwa mwana wa m'mudzi wa machona, ndege sinali nthano. Kandege ka mapesi kokhala ndi chopukusira chozungulira ndi mphepo kanali kufanizira chinthu chimene chinkakhudza banja lake lenileni.

Tikayang'ana kumene masewera a timaroketi anayambira, tipeza kuti ana akumeneko sankasiyana ndi athu. Soviet Union itaponya Sputnik m'mlengalenga pa 4 Okutobala 1957, anyamata ambiri ku America anayamba kusakaniza okha mankhwala oyaka m'mapaipi achitsulo, ndipo ena anaduka zala, ena anafa. Mmodzi mwa anyamata a nthawi imeneyo anali Homer Hickam, mwana wa munthu wa mumgodi wa malasha ku Coalwood, ku West Virginia, amene pambuyo pake anadzakhala injiniya ku NASA. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti akuluakulu analowererapo m'malo mongoletsa. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato ku Norfolk m'chigawo cha Nebraska, anali atapanga kale kainjini kakang'ono ka pepala kogwiritsa ntchito kamodzi. G. Harry Stine, amene ankayang'anira zachitetezo pamalo oyesera maroketi a White Sands, anaona kuti kainjiniko kangapulumutse ana, ndipo mu 1957 anayambitsa bungwe limene lero likutchedwa National Association of Rocketry, lokhala ndi malamulo achitetezo. Vern Estes anapanga makina otulutsa timainjinito tambirimbiri pa mtengo wotsika. Wogulitsa nsapato, injiniya ndi mmisiri anavomera kusewera limodzi ndi ana, ndipo masewera anapeza malamulo, mabuku ndi mipikisano. Ichi ndicho chimene galimoto ya waya sinapezepo.

Kuno kwathu ndi kwa anansi athu, amene anapitiriza kusewera atakula anayenda okha, ndipo anthu anawaseka. Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi ndi msilikali wa ufulu wa Zambia, analengeza mu 1964 kuti dziko lake lidzafika kumwezi. Ankaphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka powagubuduza m'migolo pa chitunda, ndipo anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO, amene sanabwere. Njira zake sizikanafikitsa munthu kumwezi, koma chikhumbo chake chinali choona, ndipo panasowa gulu la anthu odziwa loti lichisandutse maphunziro. Pafupi ndi ife, ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina amphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wachita misala. Manja ake anali atazolowera kale kumasula mawailesi, koma chimene chinamudutsitsa pamene ena amalekera chinali buku limodzi la mu laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale. Nkhani ziwirizi zikuphunzitsa chinthu chimodzi: luso lilipo, ndipo tsogolo lake limadalira ngati lakumana ndi chidziwitso ndi anthu olilandira.

Wina anganene kuti ndikukometsa umphawi, popeza mwana amapinda waya chifukwa makolo ake alibe ndalama yogulira chidole cha m'sitolo. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo umboni wake ukuoneka pa Mzimba boma ndi pa Jenda, pamene timagalimoto ta pulasitiki totsika mtengo ndi mafoni obwera ndi a ku Joni zayamba kulanda malo a waya. Palibe kholo loyenera kudzudzulidwa chifukwa chogulira mwana wake chidole. Koma kusowa kumangofotokoza chifukwa chake mwana anasankha waya. Sikufotokoza chifukwa chake anaika masipuling'i, kapena chifukwa chake anamasula chiwongolero chogwira bwino kuti apange china choposa. Mwana wa mwini khola la ng'ombe zambiri ankaumba ng'ombe zadothi ngakhale zenizeni zili patsogolo pake. Chimene chimamukoka munthu ndi chisangalalo choona chinthu chochokera m'manja mwake chikugwira ntchito, ndipo chisangalalo chimenecho ngakhale olemera amachifunafuna ndi ndalama zawo. Ngati umphawi ukuchepa, mwambowu tiyenera kuusunga mwadala, chifukwa chimene chinkausunga mwangozi chikuchoka.

Wina anganenenso kuti m'boma limene achinyamata akusowa ntchito ndipo mvula ikuvuta, munthu wamkulu wotaya Loweruka pa kandege kapena karoketi ndi wosasamala banja. Pali mayankho awiri. Loyamba n'lakuti zinthu zambiri zothandiza zinayamba ngati masewera. Wilbur ndi Orville Wright anayamba kuganiza zouluka bambo awo atawabweretsera kachidole kouluka ndi mphira mu 1878, ndipo anali okonza njinga pamene anaulutsa ndege yawo pa 17 Disembala 1903. Roketi yoyamba ya mafuta amadzimadzi, imene Robert Goddard anaulutsa pamunda wina ku Massachusetts mu 1926, inakhala m'mwamba masekondi awiri ndi theka okha. Yankho lachiwiri ndi lofunika kwambiri kwa ine: kupuma sikufunika kudziwiringula ndi phindu. Palibe amene amanyoza madoda okhala pa bawo pansi pa mtengo dzuwa likapendeka, chifukwa tonse tikudziwa kuti mutu wolema umafuna chinthu chougwira mofatsa. Kupinda waya ndi kumata mapiko kumachita chimodzimodzi. Maganizo a ngongole ya feteleza amayamba apuma pamene maso ndi zala zili pa mfundo imodzi, ndipo munthu amadzuka pamenepo ali ndi chinthu choonetsa ana ake.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholemera kuposa zonse: roketi ndi moto, ndipo Mzimba ndi dziko la udzu wouma, nyumba zofolera ndi nkhalango ya Chikangawa imene yapsa kambirimbiri. Pamenepa palibe kukangana. Mwana asasewere ndi wonga, machesi ophwanyidwa kapena mankhwala alionse oyaka, ndipo mbiri ya ku America ija ikuonetsa mtengo wa kunyalanyaza zimenezi. Koma roketi sifuna moto kuti iuluke. Botolo la pulasitiki la zakumwa za gasi, lothiridwa madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, lotsekedwa ndi chitsekerero chokhala ndi valavu ya chubu, n'kupopedwa ndi pampu ya njinga, limakwera kupitirira mitengo italiitali. Mpweya wopanikizika umakankhira madzi pansi, madziwo n'kukankhira botolo kumwamba, monga mwa lamulo lachitatu la kayendedwe ka zinthu limene Isaac Newton anafalitsa mu 1687, lomwenso limayendetsa maroketi akuluakulu. Wopanga amaphunzira kuti madzi akachuluka botolo limalemera, akachepa mphamvu imatha msanga, kuti zipsepse zakumbuyo ndi kulemera pang'ono kumphuno ndizo zimaliwongola. Chofunika ndi bwalo lopanda anthu pafupi, munthu wamkulu woyang'anira, ndi lamulo lakuti wina asaweramire pamwamba pa botolo lopopedwa. Zipangizo zonsezi zimapezeka pa malo alionse okonzera njinga za kabaza.

Kuti njira imeneyi ili ndi kopita, umboni uli pafupi. Mu 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu malo oyesera ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, ndipo chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech, anapanga okha kandege kotere ndi zipangizo zotsika mtengo n'kukaulutsa. Mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe. Manja oyenera ntchito zimenezi akukulira ku Edingeni, ku Luwerezi ndi ku Champhira, ndipo ambiri adzasiya luso lawo asanamve n'komwe kuti lili ndi msika. Chofunika sichidula. Aphunzitsi a sayansi angathe kukhala ndi tsiku la magalimoto a waya ndi maroketi a madzi pa bwalo la sukulu, amisiri owotcherera zitsulo ndi okonza njinga angathe kukhala oweruza, mipingo imene inabweretsa sukulu za ntchito zamanja ingathe kupereka malo, ndipo mafumu amene amasonkhanitsa anthu ku Hora pa mwambo wa Umthetho angathe kuvomereza kuti ng'ombe yadothi ndi galimoto ya waya ndi mbali ya chikhalidwe chimene akusunga. Koposa zonse, abambo ndi amayi amene anali akatswiri a waya ndi dongo ali ana abwerere ku luso lawo poyera, mopanda manyazi, ndipo aitane ana aakazi limodzi ndi aamuna. Mwana amapitiriza chinthu chimene waona munthu wamkulu akuchilemekeza.