Chakudya cha Agalu Ang'onoang'ono Osaka

Agalu ang'onoang'ono osaka, monga Jack Russell terrier wochokera ku England, amatha mphamvu msanga kuposa agalu akuluakulu, chonsecho mimba zawo n'zazing'ono. N'chifukwa chake galu wotere akakula ayenera kudya kawiri patsiku, koma akali kamwana katatu kapena kanayi.

Ku Manjawira, pamsewu wa M1 m'boma la Ntcheu, agalu ambiri am'mudzi amadalira mkute wa nsima ndi madeya. Zimenezi zimakhutitsa koma sizimanga thupi, moti galu wothamangathamanga amangowonda. Choncho phala la mgaiwa lopatsa galu lizisakanizidwa ndi usipa wosinja, dzira lophika kapena nyama, ndi dzungu pang'ono.

Anyezi, adyo ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu, pomwe mafupa a nkhuku ophika amabaya matumbo. Madzi oyera asamasowe.