Mountain View: ndende yomangidwira anthu "osasinthika"

Tauni ya Gatesville, m'dera la Coryell ku Texas, imadalira ndende monga momwe matauni ena amadalirira migodi. Ili ndi ndende zingapo za boma, zambiri mwa izo za akazi, ndipo akaidi ndi gawo lalikulu la anthu amene amawerengedwa kuti amakhala m'tauniyi. Imodzi mwa ndendezi, imene kwa zaka zambiri inkatchedwa Mountain View koma tsopano ikutchedwa Patrick O'Daniel, ndi kumene Texas imasunga amayi ogamulidwa kuti aphedwe. Sawaphera kumeneko. Tsiku likayandikira amawanyamula kupita ku Huntsville, kumene kuli chipinda chobayira jakisoni wakupha. Mbiri ya malo amenewa ikundichititsa kuganiza chinthu chimodzi: boma lagwiritsa ntchito mpanda womwewu kawiri potsekera anthu amene linawagamula kuti sangasinthe, ndipo maulendo onse awiri zochitika m'katimo zatsutsa chigamulocho.

Oyamba kutsekeredwamo anali ana. Sukulu yolangira anyamata inatsegulidwa ku Gatesville mu 1889, ndipo mu 1962 boma linawonjezera ina pafupi pomwepo, Mountain View School for Boys, ya anyamata amene ankati ndi osamva nkhwangwa ili m'mutu. Dzina linali la sukulu koma moyo wake unali wa ndende. Zenizeni zinaululika pa mlandu wa Morales v. Turman, umene unayamba mu 1971 m'dzina la Alicia Morales, mtsikana wa ku El Paso, motsutsana ndi James Turman, mkulu wa bungwe loyang'anira ana olakwira malamulo. Mboni zinafotokoza za ana omenyedwa ndi alonda, oponyeredwa utsi wokhetsa misozi ali m'zipinda zotseka, ndi okakamizidwa kuzula udzu ndi manja kwa maola ambiri atawerama osapinda mawondo. Mu 1974 woweruza William Wayne Justice analamula kuti sukulu ziwirizi zitsekedwe. Chimene mlanduwu unaonetsa n'chakuti dzina loti "wosasinthika" linkapereka chilolezo kwa akuluakulu kuti achite chilichonse, chifukwa mwana amene mwamutaya kale palibe chimene mungamuwonongere. Mountain View inatsekedwa mu 1975, ndipo chaka chomwecho nyumba zake zinalandira akaidi achikazi pofuna kuchepetsa kuthithikana ku ndende ya Goree.

Nthawi imeneyo Texas inali itangolemba kumene lamulo latsopano la chilango cha imfa, khoti lalikulu la America litathetsa malamulo akale mu 1972. Lamulo latsopanolo, limene khotilo linavomereza mu 1976 pa mlandu wa Jurek v. Texas, lili ndi funso limene anthu ambiri akunja salidziwa. Kupezeka wolakwa pa mlandu wakupha sikokwanira kuti munthu aphedwe. Nzika 12 zoweruza mlanduwo ziyenera kugwirizana kuti munthuyo akuoneka kuti adzachitanso zachiwawa ndi kukhalabe chiopsezo kwa anthu. Ndiye kuti mayi aliyense wodikira imfa ku Gatesville analoseredwa za mawa lake. Komatu taonani mmene ndende yomweyo imakhalira nawo. Amene ali ndi khalidwe labwino amaloledwa kukhala limodzi masana, kusoka ndi kuluka. M'zaka za m'ma 1990 ankapanga zidole za nsalu zotchedwa Parole Pals, dzina lonena za kumasulidwa msanga, chinthu chimene osokawo analibe nacho chiyembekezo. Alonda, amene amawadziwa amayiwa kuposa mmene nzika 12 zija zinawadziwira m'masabata ochepa a mlandu, amawapatsa singano m'manja osaopa kanthu.

Mlandu wa Karla Faye Tucker ndi umene unaika kusagwirizana kumeneku poyera. Zimene anachita n'zoopsa ndipo palibe chifukwa chozichepetsera. Mu June 1983, ku Houston, iye ndi Danny Garrett anapha Jerry Dean ndi Deborah Thornton ndi piki, ataledzera ndi mankhwala osokoneza bongo. Anagamulidwa mu 1984. Ali m'ndende anatembenuka mtima, ndipo m'zaka 14 zotsatira ambiri amene anakhala naye pafupi anachitira umboni kuti anali munthu wina. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamupemphera chikhululukiro, chimodzimodzi mlaliki Pat Robertson, amene ankadziwika kuti amagwirizana ndi chilango cha imfa. Bungwe loona za chikhululukiro linakana, bwanamkubwa George W. Bush sanapereke ngakhale masiku 30 oimitsa kuphedwako amene lamulo limamulola kupereka payekha, ndipo pa 3 February 1998 Tucker anaphedwa. Anali mayi woyamba kuphedwa ndi boma la Texas chinyongedwere Chipita Rodriguez mu 1863. Ulosi wa 1984 unali utalephera poyera, koma lamulo linalibe khomo loti funso lija lifunsidwenso.

Pali zonena zotsutsa, ndipo zina n'zolimba. Choyamba n'chakuti chilango chimatsata zimene munthu anachita, ndipo kulapa sikudzutsa akufa. Mwamuna wa Deborah Thornton ankaona choncho ndipo anafuna kuti Tucker afe, ngakhale mlongo wake wa malemuyo, Ronald Carlson, anamukhululukira. Ine ndilibe mwano pa maganizo amenewa. Koma si amene Texas inalemba m'lamulo lake. Ikanafuna kupha chifukwa cha kukula kwa mlandu kokha, ikananena choncho. M'malo mwake inasankha kumangirira imfa pa zam'tsogolo, ndipo amene wasankha muyeso ayenera kuvomera kuyesedwa nawo. Chachiwiri n'chakuti kufatsa m'ndende sikutsimikiza kanthu, poti wolondedwa usana ndi usiku alibe mpata wolakwa. Izi zikanamveka kukanakhala kuti wopulumuka jakisoni amabwerera kumudzi. Koma kuyambira 2005 Texas ili ndi chilango chokhala m'ndende moyo wonse popanda kumasulidwa, choncho anthu okhawo amene mkaidiyo angawaopseze ndi akaidi anzake ndi alonda, omwe aja amene amakhala naye mwamtendere zaka makumi awiri. Zigamulo za imfa nazo zatsika kwambiri, kuchoka pa 48 mu 1999 kufika pa zosakwana 10 pachaka m'zaka zaposachedwa.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene chimandivuta kwambiri, chifukwa mbali yake ina ndi yoona. Ena amati dziko linalirira Tucker chifukwa anali mkazi, mzungu, wolankhula bwino pa wailesi yakanema ndi wotchula Yesu, pamene amuna mazana anaphedwa popanda wowayankhulira. N'zoona. Ngakhale amayi anzake amene anamutsatira sanamveke chimodzimodzi: Betty Lou Beets mu 2000, Frances Newton mu 2005, Kimberly McCarthy mu 2013, amene anali munthu wa 500 kuphedwa ku Texas chiyambire 1982, kenako Suzanne Basso ndi Lisa Coleman mu 2014. Atatu mwa iwo, Newton, McCarthy ndi Coleman, anali akuda. Koma tsankho la olira silikonza ulosi wolakwika. Ndipo umboni wa amuna ukuloza komweko. Ku ndende ya Ellis, amuna odikira imfa ankagwira ntchito m'fakitale yosoka zovala kwa zaka zambiri, makina ndi malumo ali m'manja. Zinatha pamene akaidi asanu ndi awiri anayesa kuthawa mu November 1998, ndipo mmodzi yekha, Martin Gurule, ndi amene anadumpha mpanda n'kukamira mumtsinje. Kuyambira 1999 amuna onse anasamutsidwira ku Livingston, kumene ambiri amakhala okha m'zipinda pafupifupi tsiku lonse. Amayi a ku Gatesville ndi otsala ochepa amene boma likuwalolabe kuonetsa, tsiku ndi tsiku, ngati ulosi uja unali woona.

Ndiye pali Melissa Lucio. Mu 2008 nzika 12 za m'dera la Cameron zinamupeza wolakwa pa imfa ya mwana wake Mariah, wa zaka ziwiri, ndipo pa funso la chiopsezo chamtsogolo zinayankha kuti inde. Iye ndi maloya ake akhala akunena kuti mwanayo anagwa pa masitepe masiku awiri asanamwalire. Tsiku lake linaikidwa pa 27 April 2022, ndipo khoti la apilo linaimitsa kuphedwako kutatsala masiku awiri. Mu 2024 Arturo Nelson, woweruza yemwe uja amene anakhala pa mlandu wake woyamba, anapeza kuti oimira boma anabisa umboni womukomera, ndipo kenako analembera khoti la apilo kuti mayiyu sanaphe mwana wake.