Luzi la mombo ndi zaka 300 zofufuza njira ya shuga

Kwathu ku Chezi, munthu akafuna kupha mtengo waukulu m'munda osavutika ndi nkhwangwa, amangousenda khungwa mozungulira thunthu n'kuusiya. Masamba amakhalabe obiriwira kwa miyezi ingapo, kenako mtengowo umauma uli chiimire. N'chifukwa chake agogo anga ankatikalipira tikamafundula luzi pa mombo mbali zonse. Ankati tizisiya mbali imodzi kuti mtengo uzidyerapo.

Mawu akuti "kudyerapo" ndinawamvetsa mochedwa, nditakumana ndi dzina la Marcello Malpighi. Dokotala wa ku Italy ameneyu anachita zomwezi m'zaka za m'ma 1670: anasenda khungwa mozungulira, n'kuona kuti pamwamba pa bala pakutupa, pansi pake ayi. Iye anati chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira m'khungwa, ndipo chikafika pabalapo chimasowa podutsa. Madzi amakwerabe chifukwa njira yawo ili m'kati mwa thunthu. Mizu ndiyo imayamba kufa ndi njala, masamba n'kutsatira.

Kuchokera apo zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Mu 1837 Theodor Hartig, katswiri wa zankhalango wa ku Germany, anaona timapaipi ta maselo olumikizana m'khungwa lam'kati. Malo ake ndi omwewo amene timafundulapo luzi. Mukamanga nalo denga, mwamangira msewu wa shuga. Koma chimene chimakankha shugayo chinafotokozedwa bwino ndi Ernst Münch mu 1930. Tsamba limalongedza shuga wambiri m'timapaipi tija, shugayo amakoka madzi, madzi akachuluka amakankha zonse kupita kumene shuga akutsitsidwa: ku mizu, ku maluwa, ku chipatso. Kutsika kokha ayi, amakweranso. Mlimi wa fodya ku Dowa akamadula nsonga ndi kuthyola mphukira, amakhala akutseka misika ina kuti katundu atsalire m'masamba.

Umboni umene umandisangalatsa unachokera ku nsabwe za zomera. Mu 1953 Kennedy ndi Mittler anadula kamlomo ka nsabwe ili mkati moyamwa, ndipo timadzi totsekemera tinapitiriza kutuluka tokha pakachitsa kaja, kusonyeza kuti m'timapaipimo mulidi mphamvu yokankha. Mu 1992 akatswiri a ku Berlin, pofufuza sipinachi, anapeza puloteni imene imakhala ngati khomo pa selo, yolowetsa shuga mokakamiza ngakhale m'kati muli kale wambiri.

Anzanga ena ku koleji amati azungu anangolemba zimene makolo athu ankadziwa kale. Ndimavomereza theka lokha. Agogo ankadziwa kuti chakudya cha mtengo chimadutsa m'khungwa, ndipo sanadikire buku la Malpighi. Koma za makomo a pa selo sakanaziona ndi maso, ndipo si chipongwe kunena choncho. Chimene chimandiwawa n'chakuti kusukulu tinaloweza mawu akuti phloem mpaka kukhoza mayeso, popanda wotiuza kuti ndi luzi lomwe tinamangira mtolo wa nkhuni dzulo lake.

Holide yapitayi ndinakwera phiri la kuseri kwa mudzi wathu. Mibombo ingapo inali itasendedwa mozungulira, yoyera kuyambira m'mawondo mpaka pamutu panga, masamba ake ali biriwiri.