Lamulo la Charles ndi Chilungamo cha Gay-Lussac

Anzanga amene tinali limodzi mu Fomu 3, kodi mukukumbukira tsiku lija aphunzitsi athu a sayansi anamanga baluni kukamwa kwa botolo ndi kuliviika m'madzi otentha? Baluni inafufuma, ife tonse n'kuwomba m'manja. Lamulo la Charles tinaliloweza kuti tikhoze mayeso, koma mbiri yake ndinakaidziwira ku yunivesite.

M'chaka cha 1662, Robert Boyle anasonyeza kuti mpweya ukaupanikiza kuwirikiza kawiri, malo amene umatenga amachepa ndi theka, malinga ngati kutentha kwake sikunasinthe. Patapita zaka pafupifupi 40, Guillaume Amontons wa ku France anaona kuti mpweya wotsekeredwa ukatenthedwa umakankha chotengera chake mwamphamvu. N'chifukwa chake tayala la njinga lopopedwa kwambiri limaphulika padzuwa la mu Okutobala.

Jacques Charles anatchuka ndi mabaluni. Pa 27 Ogasiti 1783 anaulutsa baluni ya hydrogen mumzinda wa Paris. Itagwa m'mudzi wa Gonesse, anthu anaiyesa chilombo ndipo anaibaya ndi mafoloko a kumunda. Cha m'ma 1787 iye anapeza kuti mipweya yosiyanasiyana ikatenthedwa mofanana imafufumanso mofanana, koma sanasindikize zimene anapezazo.

Amene anayeza mosamala ndi kusindikiza mu 1802 anali Joseph Louis Gay-Lussac, mnyamata wa zaka 23. Iye anapeza kuti mpweya wa pa digiri 0 umawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 267 pa digiri iliyonse. Lero tikudziwa kuti ndi magawo 273. Mfundo yomweyi inathandiza William Thomson, yemwe pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin, kukhazikitsa mu 1848 muyeso woyambira pa kuzizira kotheratu, madigiri 273 kunsi kwa ziro.

Gay-Lussac akadakhala chete, ulemu wonse ukadakhala wake. Koma analemba poyera kuti Charles anali atamutsogolera zaka 15 m'mbuyomo, kotero kuti lamuloli likutchedwa la Charles mpaka lero.

Nkhaniyi imandichititsa manyazi. Ndili m'boma muno ndinasainirapo lipoti limene analemba ndi kalaliki wanga, ndipo akuluakulu atandiyamikira sindinamutchule. Iye anapuma pantchito ndisanamupepese. Ambiri a ife tsopano tili ndi achinyamata pansi pathu m'maofesi. Lipoti likamapita kwa abwana, tiyeni dzina la wolemba lipite nalo.