Mbiri ya Asibesitosi wa ku Shabani ndi Mashaba

Munthu woyenda m'makomboni akale a ku Harare, Bulawayo kapena Lusaka, akakweza maso aona madenga otuwa, a mizere ngati malata, koma osanyezimira padzuwa ndi osacita dzimbiri. Mvula ikagwa pa madenga amenewa siisokosa monga icita pa malata a citsulo, ndipo masana a mwezi wa October m'nyumba simutentha kopambana. Anthu amawachula malata a asibesitosi. Ambiri amene anabadwira pansi pa madenga otere sadziwa kuti mbali yina ya denga lao inakumbidwa m'mapiri a ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano lichedwa Zimbabwe, ndi kuti mwa anthu amene anaikumba munali amuna ambiri a ku Nyasaland.

Asibesitosi ndi mwala, koma mwala wa mtundu wodabwitsa. Upezeka m'timizere topyapyala pakati pa thanthwe, ndipo munthu akaukanda ndi cala umanyenyeka nusanduka ulusi wofewa ngati thonje. Ulusi umenewu ukhoza kupotedwa ndi kuombedwa nsaru, koma moto suunyeketsa, madzi sauoletsa, ndipo ciswe siciudya. Anthu akale anaudziwa ndithu, pakuti Marco Polo, mlendo wa ku Venice amene anayenda ku China, anasimba za nsaru imene eni ace ankaiyeretsa poiponya pamoto. Koma malonda ace akulu anayamba m'zaka za 1870, pamene migodi inatsegulidwa ku Quebec m'dziko la Canada, ndipo mafakitale a ku Ulaya anayamba kuufuna wokulungira mapaipi a nthunzi ndi maboilara a sitima.

Mitundu ya asibesitosi yodziwika pa malonda iri itatu. Wobiriwira ngati thambo unkakumbidwa ku Prieska ndi Kuruman m'cigawo ca Cape. Wofiirira unkakumbidwa ku Penge m'cigawo ca Transvaal. Woyera ndiwo wa ku Canada, Russia, Swaziland ndi Southern Rhodesia.

Ku Southern Rhodesia nchito yokumba inayambira ku Mashaba, kumadzulo kwa Fort Victoria, m'caka ca 1908. Kumeneko kunadzakhala migodi yochuka ya Gath's ndi King. Mgodi wa Shabanie, umene unadzaposa yonse, unayamba m'caka ca 1916, Nkhondo Yaikulu yoyamba iri mkati. Masiku oyambawo nchito inali yobvuta, cifukwa kunalibe njanje, ndipo matumba a ulusi ankatengedwa pa ngolo za ng'ombe ulendo wa masiku ambiri. Njanje yocokera ku Somabula inafika ku Shabani m'caka ca 1928, ndipo kuyambira pamenepo katundu ankatsikira msanga ku doko la Beira. M'caka ca 1955 kunatsegulidwanso njanje yina yopita ku Lourenço Marques, mzinda umene lero uchedwa Maputo.

Ulusi wa ku Shabani unachuka pa zifukwa ziwiri: unali wautali, woyenera kupota, ndiponso unali ndi citsulo cocepa mkati mwace, kotero kuti unali wabwino pokutira nthambo za magetsi. Pa Nkhondo Yaikulu yaciwiri Britain ndi America anaufunitsa cifukwa ca zombo zao za nkhondo. Cuma cotere sicikanalephera kukopa eni ndalama a kunja. Kampani ya Turner & Newall, imene inapangidwa ku England m'caka ca 1920 ndipo fakitale yace yaikulu inali ku Rochdale, inagwira migodi yaikulu ya ku Shabani ndi Mashaba pofika zaka za 1930. Kampani yomweyo inatsegulanso mgodi wa Havelock ku Swaziland m'caka ca 1939. Motero mgodi wa ku Africa ndi fakitale ya ku Ulaya zinali m'dzanja limodzi.

Tsono mgodi sukumbika wokha. Eni migodi ya ku Southern Rhodesia sanapeze anchito okwanira pakati pa Ashona ndi Andebele, popeza ambiri a iwo anali ndi minda ndi ng'ombe pafupi, ndipo malipiro a pa mgodi sanawakope. Cifukwa cace anayang'ana kumpoto. Ku Nyasaland msonkho unafunika caka ndi caka, koma nchito ya ndalama inali yosowa ndi ya malipiro ocepa. Amuna anayamba kuwoloka Zambezi ca ku Tete, nayenda pansi masabata angapo kunka ku Halale, monga ankachulira dziko lonselo. Ena analembedwa ndi bungwe lolemba anchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba m'caka ca 1903, ndipo nchito yace anthu anaipatsa dzina lowawa lakuti cibalo. Pambuyo pace Boma la Southern Rhodesia linaika magalimoto onyamula anchito osalipira, amene anadziwika ndi dzina lakuti Ulere. Komiti imene Boma la Nyasaland linaika m'caka ca 1935 inayerekeza kuti amuna a dzikolo okhala kunja anali ngati 120,000. Si onse anapita ku asibesitosi iai. Ambiri anali ku migodi ya golidi, ku malasha a ku Wankie, ku mafamu ndi ku Joni. Koma m'makomboni a ku Shabani ndi Mashaba Cinyanja ndi Ciyao zinamveka tsiku ndi tsiku, ndipo gule wamkulu anabvinidwa kumeneko monga kwao. Amene anakhalitsa osabwerera, kumudzi ankawachula machona.

Nchito yace inali yotere. Thanthwe linkaswedwa ndi zophulitsira, poyamba m'maenje apoyera, kenaka m'ngalande za pansi pa nthaka. Miyala ya ulusi wautali inkasankhidwa ndi manja, anthu nagogoda ndi nyundo kuti ulusi ulekane ndi mwala. Yotsalayo inkapita ku cigayo, kumene inkaphwanyidwa ndi kuumitsidwa, ndipo mphepo ya makina inkakoka ulusi wopepukawo kuusiyanitsa ndi mcenga. Potsiriza ulusi unkasefedwa monga mwa utali wace ndi kulongedwa m'matumba. Popeza zonsezi zinkacitika pouma, cigayo cinali malo a pfumbi losaneneka. Anchito ankaturuka atayera mutu ndi zobvala, ndipo zotaya za m'cigayo zinaunjikana kufikira zinasanduka mapiri oyera pafupi ndi nyumba za anthu.

Nanga mwala umenewu unafika bwanji padenga? Nzeru yace inacokera ku Austria. M'caka ca 1900 Ludwig Hatschek, mwini fakitale ku Vöcklabruck, anapeza njira yosanganiza asibesitosi ndi simenti, ndipo zopanga zace anazipatsa dzina lakuti Eternit. Pa magawo khumi, limodzi kapena kupitirirapo pang'ono linali ulusi, otsalawo simenti. Zonsezi zinkasungunulidwa m'madzi ambiri ngati phala lamadzi. Sefa wozungulira ankatola kansalu kopyapyala ka phalalo, ndipo lamba ankakapereka ku cigubu cacitsulo cimene cinkakulunga kansalu pamwamba pa kansalu kufikira kucindikala kofunikako. Pamenepo cinsalu cofewaco cinkadulidwa, ciri ciwisire, ndi kuyalidwa pa cikombole ca mizere kuti ciume. Simenti payokha ikakhala yopyapyala imasweka msanga, koma ulusi wa mkatimo umaigwira monga udzu ugwira dothi la cipupa. Mwa njira yofanana nayo ankapanganso mapaipi a madzi, matanki ndi matabwa a siling'i.

Nkhondo yaciwiri itatha, midzi ya Azungu inakula msanga, ndipo maboma ndi makampani anayenera kumanga nyumba zikwizikwi za anchito pa mtengo wocepa. Mafakitale a malata a asibesitosi anamangidwa ku Bulawayo ndi Salisbury, ndiponso ku Chilanga pafupi ndi Lusaka, kumene kunali kale fakitale ya simenti. Ku South Africa kampani ya Everite inkacita nchito yomweyo. M'zaka za Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, makomboni, masukulu, zipatala ndi nyumba za apolisi zambiri zinafoleredwa ndi malata amenewa. Kwa munthu wozolowera kumweta udzu wa denga caka ndi caka, denga losapsya, losabvunda ndi losadontha linaoneka ngati dalitso lenileni, ndipo panalibe womuuza zina.

Koma madokotala a ku England anali atayamba kale kuona coipa. M'caka ca 1924 anamwalira mai wina dzina lace Nellie Kershaw, wa zaka 33, amene ankapota ulusi m'fakitale ya ku Rochdale. Dokotala William Cooke anapima mapapu ace napeza kuti anaumitsidwa ndi pfumbi la asibesitosi, koma kampani inakana mlandu, ndipo sinapereke cipukuta misozi. M'caka ca 1928 Dokotala F. W. Simson wa ku Johannesburg analemba za nthenda yomweyo m'mapapu a anchito Acikuda ocokera ku migodi ya asibesitosi ya ku Southern Rhodesia. M'caka ca 1930 Merewether ndi Price, anchito a Boma la Britain, anapima anthu 363 a m'mafakitale napeza kuti 95 anali nayo nthendayo. Caka cotsatira Boma la Britain linaika malamulo ocepetsa pfumbi m'mafakitale a kwao. Malamulo amenewo sanafike ku migodi ya ku Africa.

Zina zoopsya zinaululika pambuyo pace. M'caka ca 1955 Richard Doll anaonetsa kuti anthu amene anagwira nchito ya asibesitosi zaka makumi awiri ankadwala khansa ya m'mapapu kakhumi kuposa anzao. M'caka ca 1960 Dokotala J. C. Wagner ndi anzace analengeza za odwala 33 a khansa yina yosowa, yogwira kansalu kokuta mapapu. 32 a iwo anali atapuma pfumbi la asibesitosi wobiriwira wa ku Cape, ndipo ena sanalowepo mumgodi, anangokulira pafupi ndi milu ya zotaya. Umu ndimo munadziwikira kuti pfumbi siliopsya mmisiri yekha, komanso mkazi wocapa zobvala zace ndi mwana wosewera pabwalo.

Kucenjera kwa nthenda zimenezi kuli pa kucedwa kwace. Timaulusi tosaoneka ndi maso tikalowa m'mapapu sitituruka, ndipo matenda amaoneka patapita zaka makumi awiri, atatu kapena anai. Munthu amene anagwira nchito m'cigayo ca ku Shabani ali mnyamata ankayamba kubanika ndi kutsokomola ali kale kwao ku Dedza kapena ku Mlanje, kutali ndi dokotala wa kampani. Zizindikiro zace zifanana ndi za cifuwa cacikulu, kotero kuti pamudzi panalibe wolingalira za mgodi umene mwiniyo anausiya kale lomwe. Kuyendayenda kwa anchito, kumene kunapatsa migodi anthu ochipa, kunabisanso imfa zao.

Ngakhale zinali tero, migodi inapitirira kukula. Boma la Ian Smith litadzilamulira lokha m'caka ca 1965, maiko anaika ciletso pa malonda a Rhodesia, koma asibesitosi anaturukabe mwa njira zobisika. Pa nthawi ya ufulu wa Zimbabwe m'caka ca 1980, dzikolo linkakumba matani ngati 250,000 pa caka. M'caka ca 1982 Shabani inachedwa Zvishavane; Mashaba nayo inakhala Mashava. Koma misika ya ku Ulaya inayamba kutsekeka. Britain inaletsa asibesitosi wobiriwira ndi wofiirira m'caka ca 1985, ndi woyera m'caka ca 1999. Maiko a European Union analetsa mitundu yonse m'caka ca 2005, ndi South Africa m'caka ca 2008. Eni migodi ya ku Zimbabwe ankanena kuti asibesitosi woyera alibe bvuto akagwiritsidwa bwino. Nzoona kuti wobiriwira ndiye woopsya koposa, koma bungwe la World Health Organization linena poyera kuti mitundu yonse, ndi woyera womwe, imabweretsa khansa.

Kampani ya Turner & Newall, itapanikizidwa ndi milandu ya odwala a ku Britain ndi America, inagulitsa migodi ya ku Zimbabwe m'caka ca 1996 kwa kampani ya Mutumwa Mawere pa mtengo wa madola 60 miliyoni a ku America. M'caka ca 2004 Boma la Zimbabwe linalanda ulamuliro wa migodiyo, ndipo pofika 2010 kukumba kunali kutaima. Anchito zikwi anatsala opanda malipiro. Amene anabvutika koposa anali adzukulu a machona aja, pakuti analibe mudzi kapena munda m'Zimbabwe wothawirako, ndipo kwao kwa makolo ao sanakudziwe. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a iwo ngati alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo atsopano a dziko a 2013 anawatsegulira njira yobwezeredwa unzika. Nyumba zina za migodi zinasanduka malo ophunzirira a Midlands State University ku Zvishavane ndi a Great Zimbabwe University ku Mashava.

Madenga aja akalipo pa nyumba zosawerengeka. Lata lathunthu, losasweka, silituruka pfumbi lambiri, popeza ulusi uli womangika m'simenti. Ngozi idza pamene denga lakalamba ndi kuyamba kufumbutuka, kapena pamene mmisiri aliceka ndi sowo, kulibowola, kulipala liri louma, kapena kuswa zidutswa zace kuti akwirire maenje pabwalo. Cifukwa cace aphungu a za umoyo alangiza kuti lata lotere linyowetsedwe lisanakhudzidwe, licotsedwe lathunthu, ndipo zidutswa zace zikwiriridwe kutali ndi kumene ana asewera. Cenjezo limeneli madokotala analidziwa kuyambira 1930, koma amuna a m'cigayo ca ku Shabani sanalimve pa nthawi imene likanawapulumutsa.