MBIRI YA ROGER EBERT, WOYESA KANEMA

Ku maiko a kutsidya kwa nyanja kuli nchito ina imene ambiri a ife sitiidziwa. Pakuturuka kanema watsopano, munthu wina atsogola kukamuona, nalemba m'nyuzi kuuza anzace ngati ali wabwino kapena wacabe, kuti angataye ndalama zao pa cinthu cosapindula. Munthu wotere tingamuche woyesa kanema. Mwezi uno tifuna kukuuzani za mmodzi wa iwo, ndiye Roger Ebert wa ku America.

Iyeyu anabadwa m'caka ca 1942 m'mudzi wa Urbana, m'dera la Illinois, ndipo atate wace anali wa nchito ya magetsi. M'caka ca 1967 akuru a nyuzi ya Chicago Sun-Times anampatsa nchito ya kuyesa kanema, naigwira iye zaka 46. Mau ace anali osabvuta, monga a munthu wakuceza ndi mnansi wace pakhonde. Cifukwa ca ici, m'caka ca 1975 analandira mphotho ya Pulitzer, imene woyesa kanema wina ali yense anali asanailandire.

Caka comweco anaitanidwa ku wailesi ya kanema, pamodzi ndi Gene Siskel wa nyuzi ya Chicago Tribune, yopikisana ndi yace. Poyamba awiriwa sanakondana, koma kutsutsana kwaoko ndiko kunakoka anthu, pakuti onse anaona kuti palibe wakunyengerera mnzace. Pambuyo pace anapeza cizindikilo cao: kanema wabwino anamkwezera cala cacikuru, woipa anamtsitsira. Ena anadandaula kuti mlandu waukuru suweruzidwa ndi cala, ndipo mau ao sanali opanda nzeru. Komatu calaco cinathandizanso osauka. M'caka ca 1994 awiriwo anatama kolimba Hoop Dreams, kanema wa anyamata awiri akuda a ku Chicago ofuna kukwera ndi masewera a basketball, kotero kuti anthu ambiri amene sakadamumva konse anapita kukamuona. Siskel anamwalira m'caka ca 1999.

Akuru anati cakudza siciimba ng'oma. M'caka ca 2002 Ebert anapezeka ndi nthenda ya khansa pakhosi, ndipo m'caka ca 2006 asing'anga anacotsa mbali ya nsagwada yace. Kuyambira pamenepo sanathenso kulankhula, kapena kudya, kapena kumwa. Cakudya cace cinalowa m'mimba ndi kampope. Taganizani, inu owerenga, munthu amene dziko lonse la America linamdziwa ndi liu lace, kukhala duu! pakati pa abwenzi ace.

Koma manja anatsala, ndi mkazi wace Chaz anamsunga mokhulupirika. Tsono anatembenukira ku intaneti, kumene mau a munthu afika maiko onse tsiku lomwelo. Kumeneko analemba za kanema monga kale, nalembanso za ubwana wace, za kuleka kwace mowa m'caka ca 1979, ndi za imfa imene anaiona irinkudza. Sanabisa nkhope yace yopunduka, koma analola kuti aijambule, anthu aione. M'caka ca 2012 anayesa makanema 306, oposa a caka cina ciri conse ca moyo wace. Anamwalira pa 4 April 2013, ali wa zaka 70.

Tiona tsono kuti zipangizo zace zinasinthika katatu, pepala, wailesi ndi intaneti, koma nchito inali imodzi, ndiyo ya mboni. Anthu anamtsata kucokera kwina kunka kwina cifukwa anadziwa kuti adzanena cimene anaona, cingakhale cosakondweretsa eni kanema kapena mnzace wokhala pambali pace. Ifenso pakufunsidwa pabwalo kapena pamsika ngati cinthu ciri cabwino, tiyenera kuyankha motero.