Kuchokera pa biliwita kufika pa belo

Anzanga a m'gulu lino, mukagwira chitenje pamsika wa Kasungu n'kumva chikuterera ngati jumbo, musaganize kuti nsalu zakhala choncho chiyambire.

Makolo athu ankavala nyanda, khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa. Nsalu yoyera ya melekano inkabwera m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo dzinalo likuchokera ku America komwe inkawombedwa. Kenako kunadza biliwita, yakuda bii.

Koma nthawi imene amayi athu amaikamba mpaka lero ndi ya Whitex. Fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, n'kumawomba thonje lolimidwa konkuno, ku Chikwawa, Balaka ndi Salima. Mu 1973 boma la Kamuzu, mwana wa kuno kwathu ku Kasungu, linakhazikitsa lamulo la kavalidwe: mkazi asavale thalauzi, ndipo diresi libise mawondo. Taganizani inuyo, telala wapakhonde ankayeza mpendero ali ndi apolisi m'maganizo! Mtsikana akamakula, mayi ankapinda mpendero waukulu dala kuti chaka chamawa adzangomasula ulusi, diresi litalike. Nsalu yofooka sikanapirira zimenezo. Thonje lija linkapirira kusoka, kumasula, kuchapa pamwala, ngakhale simbi yamakala. Fodya akagulitsidwa, bambo wanzeru sankafika pakhomo opanda nsalu kukhwapa, yokwanira chilundu cha mayi ndi madiresi a ana.

Lamulolo linathetsedwa mu 1993, ndipo ine sindikulilira ayi, thalauzi ndimavala. Chimene chimandiwawa n'choti m'zaka zomwezo misika inatseguka, mabelo a kaunjika anasefukira, ndipo diresi losokasoka la ku Ulaya linatchipa kuposa mamita awiri a nsalu. Makina a Singer ambiri anasanduka tebulo loikapo wailesi. Fakitale ija inafooka mpaka boma linaigulitsa kwa Mapeto mu 2003.

Lero zitenje zadzaza, za ku Tanzania, za ku Zambia, zambiri zochokera ku China, maluwa okongola kuposa akale. Koma zotchipazo zambiri ndi poliyesita. Pansi pa singano imaterera, msoko umakwinyika, mu Okutobala imakuphika ngati mbatata, ndipo simbi ikatentha pang'ono mwaboola. N'chifukwa chake kasitomala akati akufuna yosoka, osati yongomanga m'chiuno, ndimasolola kaulusi m'mphepete n'kuyatsa machesi iye akuona. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa, phulusa lake n'kufumbutuka pachala. Poliyesita imasungunuka, n'kusiya kampira kolimba. Mukapeza ya thonje, iviikeni m'madzi kaye iume musanaike sizasi, chifukwa imabwerera ikachapidwa koyamba, bulauzi n'kukana kulowa m'mapewa tsiku la chinkhoswe.